Funso la Dzulo

Amayi anga, kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno kwacha ndi mwera, ndipo ndakhala pakhonde nditafunda zitenje ziwiri ngati nkhalamba yeniyeni. Ndiyambe ndi zabwino, paja inu simunkafuna munthu wolowa pakhomo ndi madandaulo asanapereke moni. Tamanda, mdzukulu wanu woyamba uja, anachira bwinobwino kutauni, ndi mwana wamkazi. Chipumi ndi chanu, kulira kwake n'kwanunso, kofika mpaka kwa aneba. Mtedza chaka chino wachita bwino, tikuswabe mpaka lero. Chimanga ndiye chapakatikati, mvula inadula pomwe chinkamasula. Fodya tinalima wochepa chifukwa msana wa mkamwini wanu, bambo a Tamanda, sukulolanso zokhalira kuwerama m'chigafa. Mtengo wa mapeyala munabzala kuseri kwa khitchini uja unathyoka nthambi yaikulu n'kugwera pa khola la nkhunda, koma nkhunda zonse zinapulumuka.

Zabwino zathera pamenepa. Amayi, ndili ndi mantha, ndipo palibe wina amene angawamvetse kuposa inu. Ndikuona ngati matenda anu aja a kuiwala andiyamba.

Titangoyamba kukolola ndinapita ku Nsaru pa njinga kukagula sopo ndi mchere. Pobwerera ndinakwera kabaza, ndikucheza ndi wopalasayo njira yonse, mtima uli m'malo. Bambo a Tamanda atandifunsa kuti njinga ili kuti, ndinawayankha mokalipa kuti ili m'nyumba, ayang'ane bwino. Chonsecho inali itatsamira khoma la golosale ya a Yusufu, ndipo iwo anachita kuilowetsa mkati poona kuti mwini wake sakubwera. Tsiku limenelo tinaseka tonse. Koma paubatizo wa mwana wa Tamanda, mayi wina atandifunsa dzina la mdzukulu wanga, dzinalo linandithawa, dzina loti ndinamutcha ndine ndemwe. Ndinayamba kutsokomola dala mpaka Tamanda anayankha. Pamenepo sindinaseke.

Inunso zinayamba chonchi, eti? Kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kundiitana ndi dzina la mng'ono wanu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Kenako m'mawa uja munatuluka kukafuna munda wa makolo anu woti unasinthana manja kalekale, n'kukapezeka kuseri kwa manda a mudzi wina, chitenje chitatsalira paminga. Zambiri zikundithawa masiku ano, koma izi zokha zakana kuchoka. Anthu anakuzungulirani, ena miyala m'manja, akuti mwagwa pa ndege ya ufiti. Inu munkangowamwetulira n'kumawafunsa ngati adya. Mkamwini wanu akanachedwa pang'ono kufika pa njinga yake, sindikudziwa kuti tikanakutolani muli otani. Ena mwa anthu amenewo tinkakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Kuyambira tsikulo ana anasiya kubwera kudzatola mapeyala pakhomo pathu, ndipo ankangowolera pansi.

Mukukumbukira chesi, masewera aja ndinabwera nawo kuchokera ku koleji ya aphunzitsi? Ndinaphunzitsa ana kusukulu mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito, inu osasiya kundinena. "Iwe Velo, mayi wamkulu kukhalira kuyang'anitsitsa zidole, ndiwo zikupserera!" Zidole zomwezo ndi zimene ndinazisandutsa sikelo yanga, monga amachitira ana kuchipatala, kuti ndizidziwa ngati mutu ukutsika. Tamanda amatumiza chithunzi cha funso la chesi pa foni ya bambo ake, pamodzi ndi yankho lake. Maso anga sagwira bwino pa foni, ndiye bambo a Tamanda amakopera chithunzicho pa bolodi m'mawa uliwonse ine ndikusesa. Chesi sadziwa ngakhale pang'ono, koma amaika chidole chilichonse pamalo pake mosamala, lilime lili panja.

Mafunso amene ndimakonda ndi akumapeto kwa masewera, pamene akuluakulu onse adyedwa, pangotsala mafumu awiri ndi tiasilikali tochepa. Kamsilikali kamayenda pang'onopang'ono, kutsogolo kokha, sikabwerera. Kakafika kutsidya kwa bolodi kamasanduka mfumukazi, ndipo mwini wake wapambana. Munthu ukayang'ana umati izi n'zachibwana, bolodi lili mbee, zidole zowerengeka. Koma ndi pamenepo pamene kuponda kamodzi kolakwika kumawononga zonse. Lamulo limene ndinkapatsa ana ndi lomwe ndimadzipatsa: manja kumbuyo, osakhudza kanthu mpaka waona mapeto m'mutu. Ine ndikaponda apa, iye aponda apo, ine apa, iye apo, zonsezo uzisenze osataya ngakhale chimodzi. Paja munkandinyadira kwa anzanu kuti, "Mutu wa uyu ndi ndowa yatsopano, sudontha." Ndiye ndinadziuza kuti tsiku lililonse limene ndapeza yankho, ndiye kuti ndidakalipo.

Tamanda wakhala akundiumiriza kuti ndipite kuchipatala ku Namitete akandione. Ine ndinkakana. Ndikawauza chiyani, kuti ndinaiwala njinga? Komanso bolodi linkandiikira umboni. Masiku apitawa mayankho ankabwera mofulumira kuposa kale, mpaka ndinayambanso kuimba posesa.

Funso la Lachinayi linali lokoma, Amayi, ndikufotokozereni ngakhale munganyanyuke. Kamsilikali kanga kanali katatsala pang'ono kufika kutsidya, mfumu yanga ili pambuyo pake, koma mfumu ya mdani itaima pakhomo penipeni. Cha m'mphepete munali tiasilikali tiwiri, kanga ndi kake, titatsekerezana. Mtima umakuuza kuti thamanga, kankha. Ukatero mfumu ya mdani imapanikizika n'kusowa poponda koma isanagwidwe, ndipo masewera amatha opanda wopambana. Njira yake ndi yoti mfumu yako ibwerere m'mbuyo, ipatukire pambali, kenako ibwere pomwe inali poyamba. Bolodi limaoneka chimodzimodzi, koma tsopano woyenera kusuntha ndi mdani, ndipo kulikonse kumene angaponde akukutsegulira njira. Ndinaziona zonsezi tiyi asanazizire. Ndinaomba m'manja n'kuitana mkamwini wanu.

"Bambo a Tamanda, tamuuzani mwana wanu asiye kundivutitsa ndi za chipatala. Onani, lero sindinachedwe n'komwe. Mutu wodwala ungatero?"

Anavula chipewa n'kukhala pa kampando kaja kafupi, ngati munthu wobwera kudzanena uthenga wa maliro.

"Mayi a Tamanda, mundikhululukire. Funsoli ndi la dzulo. Ndi la dzananso."

Anandifotokozera bwinobwino. Sabata yatha kunachita mitambo, sola sinagwire moto, foni n'kuzima. Posowa chochita anaikanso funso la dzulo lake, akuyembekeza kuti ndiwakalipira.

"Koma munaliyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako munaomba m'manja n'kuyamba kundifotokozera za mfumu yobwerera m'mbuyo ngati mukuiona koyamba. Ndinati kapena mukundiseka. M'mawa mwake ndinaikanso lomwelo. Mawu ake omwewo, Mayi a Tamanda, kuomba m'manja komweko. Ndakhala ndikusowa poyambira. Koma mukakana chipatala chifukwa cha bolodi limeneli, ndiye kuti wakuphani ndine."

Mukundidziwa mwana wanu. Ndinawalalatira kuti ndi abodza, kuti agwirizana ndi Tamanda kundipusitsa, kuti munthu wosadziwa kusiyanitsa mfumu ndi kamsilikali asandiphunzitse ine. Iwo anangokhala, chipewa chili pabondo. Nditatopa ndinati aike funso latsopano pomwepo, ndiwaonetse.

Anaika. Linali la mpikisano: kamsilikali kanga kakuthamangira kutsidya uko, ka mdani kakuthamangira kuno, ndipo umayenera kuwerenga kuti kafike koyamba ndi kati, n'kuonanso chimene chichitike tonse tikafika. Mafunso otere ndinkawapatsa ana a sitandade sikisi. Ndinaika manja kumbuyo. Ine apa, iye apo, ine apa, ndiye basi, chiyambi chija chasowa. Ndinayambiranso, chimodzimodzi. Dzuwa linachoka pakhonde ndikuyambirabe. Kenako ndinathyola lamulo langa, ndinatambasula dzanja n'kugwira kamsilikali kakuda kuti ndikayendetse. Amayi, ndinakagwira m'mwamba choncho osadziwa kuti kamalowera mbali iti. Zinali za kanthawi kochepa, kenako nzeru zinabwerera. Ndinakabwezera pamalo pake n'kupita kuseri kwa nkhokwe kukalira, kuti mkamwini wanu asandione. Ananditsatira komweko.

Kodi inu munkadziwa? Ili ndi funso limene likundisowetsa mtendere. Masiku aja munkakhala pa mkeka n'kumasankha nyemba zosankhasankha kale, kodi mkatimo munali munthu woona kuti zinthu zikuthawa, akulephera kuzigwira? Kapena kumakhala bata? Ndinkakusambitsani, ndinkakudyetsani phala, koma sindinakufunseni nthawi imene mukanatha kundiyankha. Ndikuopa tsiku limene ndidzayang'ane bambo a Tamanda n'kuwafunsa kuti afuna ndani pakhomo pano. Ndikuopa kuti mdzukulu wangayu adzandidziwa ngati gogo wotsekeredwa m'nyumba, woti ana asamuyandikire.

Koma choposa zonse ndikuopa anthu. Ndikamaganiza pa bolodi ndimayankhula ndekha, mukudziwa, ndi khalidwe langa lakalekale. Tsiku lina a Nankhoma, aja a kutsidya kwa mjigo, anaima pamsewu ndowa ili pamutu. "Aphunzitsi, kodi mukucheza ndi ndani pamenepo?" Anaseka, inenso ndinaseka, koma ndinaona m'mene anakokera mdzukulu wawo kumbali inayo. Lero akuti ndi zasukulu chifukwa ndikuwayankha moni bwinobwino. Tsiku limene ndidzapezeke ndikuyenda kosadziwika, adzakumbukira kuti mayi uja ankayankhula ndi tizidole takuda ndi toyera m'mawa uliwonse, komanso kuti ndi mwana wa uje. Sadzafunanso umboni wina. Ndipo mkamwini wanu sangapalasenso njinga ngati kale.

Iwo anati tibise bolodi m'sutikesi, pansi pa mabulangete, anthu aiwale. Ndakana. Ndawauza kuti mawa tikwera minibasi ya ku Namitete, ndikanene zonse kwa adokotala, za njinga, za dzina, za kamsilikali kakuda. Mwina ali ndi chochedwetsa, mwina alibe, tikamva komweko. Ndipo Lamulungu masana, kumphakati komwe timasonkhana akhristu a m'mudzi muno, ndinyamula bolodi langa n'kuliika pakati pa mkeka. Aliyense agwire zidolezo, aone kuti ndi mitengo chabe. Kenako ndiwauza ndi pakamwa panga: "Abale anga, mutu wanga wayamba kudwala matenda amene anadwala amayi. Mukadzandipeza panjira ndisakudziwa kwathu, si ufiti. Mudzandigwire dzanja, mudzandiperekeze."

Bambo a Tamanda akuti ndikudziitanira ndekha mavuto, ndikuwapatsa anthu nkhani asanaifune. Mwina akunena zoona. Anthuwo akhoza kuyamba kundithawa kuyambira tsiku lomwelo. Koma panopa ndidakali aphunzitsi, ambiri mwa iwo ndinawagwira dzanja polemba dzina lawo loyamba, ndipo mawu anga akadamveka. Ndikadikira, adzandiyankhulira ndi ena, monga zinachitikira ndi inu.

Za mafunso ndawapempha bambo a Tamanda kuti asasiye. Aziika atsopano m'mawa uliwonse, ndizilimbana nawo, ndipo ndikalephera azindiuza zoona kuti tidziwe pamene tafika. Koma ikadzakwana nthawi yoti atsopano akungondiliza, adzaike lomwe lija la mfumu yobwerera m'mbuyo, andisiye ndiombe m'manja, ndipo asadzandiuzenso kuti ndi la dzulo. Anavomera ndi mutu, n'kudzuka kupita kukakonza khola la nkhunda loti anakonza kale.

Ndilekere pano, dzanja lazizira ndipo mtedza ukundidikira. Mundipatsire moni abambo ngati mumaonana. Ndikukulonjezani kuti Lamulungu ndikaimirira ndithu pamaso pa anthu aja, ndipo ndikatchula dzina lanu mokweza kuti amve kuti munali wodwala basi. Inunso ndikupempheni chimodzi. Sindikudziwa kuti ndidzafika kumeneko ndili ndi zingati m'mutumu. Mukadzandiona ndikubwera, ndikuyang'ana uku ndi uku, n'kukudutsani ngati mlendo, musadzadikire kuti ndikupatseni moni. Mudzayambe ndinu kundiitana.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene lero akukudziwanibe,

Velonika