Dalaivala Wachiwiri Wasanduka Woyimba

Lolemba, 3 Malichi

Mvula ya ku Hull, monga mwa masiku onse. Inshuwalansi ya galimoto yanga ikutha Lachisanu, ndiye ndawayimbira foni. Mtsikana wa mawu okoma, mafunso ngati kupolisi. Dalaivala wachiwiri akadali amuna anga, a Trevor? Eya. Akadagawabe makalata? Ayi, anasiya mu Januwale. Nanga pano? Ndinayamba ndaseka. Ndinati amayimba m'mabala. Kenako mtengo. Wakwera ndi mapaundi 340! Tiyi mpaka anazizira m'kapu.

Lachiwiri, 4 Malichi

Akuti oyimba amayenda usiku atatopa, galimoto kumangokhala panja pa bala. Munthu yemweyu, moyo wake wonse pa chiwongolero cha kaveni ka makalata, osagundako ngakhale mphaka. Lero wasanduka woopsa chifukwa cha gitala.

Ndawauza a Trevor tikudya. Kuseka mpaka kutsamwa ndi tchipisi. "Ndine wodula chonchi, mayi a Kerry? Ndiye muzindisamala."

Aziseka iwo. Ndalama imeneyo ndi ya sofa yatsopano. Yakaleyi ikubaya.

Lachitatu, 5 Malichi

Kerry, mwana wathu, wabwera ndi laputopu yake ndi nzeru zake. Kuyesa ntchito iyi ndi iyo pa intaneti. Wa mulaibulale, mtengo pansi. Wophika, m'mwamba. Wopuma pantchito, pansi zedi, komanso penshoni amalandiradi. "Amayi, ingolembani kuti anapuma. Zoyimba za adadizi ndi ntchito ngati?"

Amangocheza mwanayo. Koma bambo ake anali pakhomo la khitchini, makapu m'manja. Anaseka nawo, kenako ulendo wa kukashedi kawo kuseri. Gitala lero sanalire.

Zandiwawa. Si ine ndinayamba kuseka Lolemba lija?

Lachinayi, 6 Malichi

Loweruka akayimba pa ukwati ku Bridlington. Koyamba kuitanidwa ndi anthu osawadziwa, malipiro enieni, osati mowa waulere. Sabata zitatu akuyeserera nyimbo ya mkwatibwi, ine mpaka ndaiweza m'mutu osafuna. Masipika awo akuluakulu sangalowe m'basi. Ine kuyendetsa kukada, maso amakana.

Tikalemba kuti anapuma, ndiye kuti asamapite nayo koyimba. Ngozi itachitika masipika ali kumbuyo, a inshuwalansi sangalipire olo kobiri. Bodza lotchipa, mapeto ake odula.

M'mawa a Trevor anena okha, akupaka batala pa buledi. "Lembani kuti ndinapuma. Mwanayo sakunama. A ukwatiwo apeza wina." Osandiyang'ana n'komwe. Batala mpaka m'mphepete, kubwerezabwereza.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndayimbanso. Lero mnyamata. Ntchito ya dalaivala wachiwiri? Woyimba. Amangoyimba pocheza kapena? Ayi bambo, ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo galimotoyo azipita nayo kuntchitoko, lembani. Mawu ndinakweza dala. Masitepe athu amalira munthu akaimapo, ndipo analira.

Ndalipira. Sofa idikire chaka chamawa, ndaikapo pilo pobaya paja. Mtima mbee, sindikudziwa chifukwa chake. Ayi, ndikudziwa.

Loweruka, 8 Malichi

Dzuwa! Ku Hull, mu Malichi!

Kerry wasindikiza pepala la inshuwalansi, wabweretsa ndi keke yopepesera. Bambo ake alimata pa filiji, pamwamba pa zithunzi za adzukulu. Aima pamenepo ndi magalasi pamphuno, kuwerenga kamzere kamodzi komweko.

"Kuyimba konse ndayimba ine, oyamba kukhulupirira ndi a inshuwalansi."

Ndinati a inshuwalansi angolandira, nanga walipira ndani? Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atafiira. Kenako kuyamba kudandaula kuti tayi yawathina.

Masipika alowa onse. Malo anga kutsogolo, gitala pamiyendo mpaka ku Bridlington. Nsapato ina sindikuiona. Hutala panja, kachitatu tsopano. Munthu wodula chonchi sadikiritsidwa, ndapita.