Njinga ndatenga, sipuling'i ndamanga

Bambo a Talandira,

Mukabwera kuchigafa musasokose mudzi kuti njinga yanu yamasipuling'i ija yabedwa. Ndatenga ndine. Mkamwini waimba foni kuti Talandira matenda amuyamba, ali kuchipatala ku Namitete. Mwana wanga sangachire mwana wake woyamba ine amake nditaima pamsewu kudikira minibasi.

Paja mumati ndine wonenepa, ndikangokwera ndithyola. Nanga matumba awiri a feteleza mumakwezapo aja, ndi thonje kodi?

Nditakhalapo koyamba inatsikadi mpaka kugunda, sindikana. Ndiye ndatenga nyundo yanu ndi msomali, ndagogoda kamphete ka pasipuling'i yakumbuyo kuzungulira mpaka yalimba. Pano ndikakhalapo ikungotsika zala ziwiri basi. Vuto silinali thupi langa ayi. Inuyo munaisiya lobodo kuti igwirizane ndi mafupa anuwo.

Pepani, penti ndiye yakalika pang'ono. Mdzukulu akabadwa muiwala.

Mbuzi zija ndazimangirira kudambo, mukazitenge dzuwa lisanalowe.

Ndikadzabwera nayo njingayo, mukadzaona kuti yauma ikukudumphitsani m'mabampu, musadzayerekeze kumasula. Nenepani.

Ndine,
amake Talandira