Impso Yakumanzere Ikudya Mtedza

Lolemba, 3 Febuluwale

Kuchipatala ndi achemwali. Makina otsuka magazi akung'ung'udza ngati kwaya yoyeserera chapansipansi. Iwo mtulo, mkono pa pilo. Ine pambali, kuonerera magazi a kwathu akutuluka m'chubu, kukazungulira, n'kubwerera ngati munthu wopita kokacheza.

Adokotala ati impso yanga ikugwirizana ndi thupi lawo. Koma magazi anga akuthamanga pang'ono, mimbanso yatsogola. Ndikonze thupi kaye, adzandiyezenso. Akapanda kukhutira, impso sichoka, achemwali akhalabe pa makina. Digiri yonseyi, lero wandilepheretsa mayeso ndi sikelo.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Kwa katswiri wa zakudya. Kamayi kochepa thupi, maso ngati a woyang'anira mayeso. Nyemba, nandolo, masamba, zipatso, mtedza wopanda mchere. Wodzaza dzanja, osati thumba. Nyama mwa apo ndi apo. Ndinafunsa ngati soseji singawerengedwe m'gulu la zipatso, poti nayo imalendewera. Sanaseke. "Bambo, impso sizimva nthabwala."

Lamulungu, 9 Febuluwale

Amayi atulukira ndi chidebe cha mtedza, nthochi, mapeyala. Anamva pa wailesi kuti zomera zimateteza impso, basi zonse khuthu pa bedi la achemwali. Alamu anachita kudumpha. Kwa munthu wa pa makina zimenezi ndi zoyeza pang'onopang'ono. Impso zotopa zimalephera kutaya zina za m'menemo, zimaunjikana m'magazi mpaka kusokoneza mtima. Chotchinjiriza wathanzi chingagwetse wodwala. Wailesi inaiwala kunena mbali imeneyo, kapena amayi anali atapita kukaphula madzi.

Anakhumudwa nkhalamba. "Ndiye ndisenze ndibwerere nazo?" Achemwali, osatsegula n'komwe maso: "Mpatseni Pakamwayo adye. Akundisungira."

Pakamwa ndine, kuyambira ubwana. Tsopano andikweza udindo, ndine nkhokwe.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ku ofesi. Kusenda mtedza m'dirowa, makoko mpaka pansi pa kiyibodi. Nkhani yanga ya m'nyuzipepala yoseka akuluakulu sabata ino yakana kubadwa. Ndangokhala maso pa zenera.

Amati impso imene imachoka ndi yakumanzere. Ndimaiona ngati mwana wopita kusukulu yogonera komweko, sutikesi ili pa bedi, akupinda zovala mosafulumira. Yakumanja ili duu, kaya ndi nsanje kaya ndi mantha otsala yokha pantchito. Ndikamatafuna ndimailangiza yopitayo: kumene ukupitako kulibe mowa, kuli nyimbo za m'buku ndi kugona msanga. Ukakhale ndi ulemu. Usakatichititse manyazi.

Alamu masiku ano amadyera nyama yawo m'galimoto, ati kuopa kutipweteketsa mtima. Fungo limalowa m'nyumba iwo asanalowe.

Loweruka, 8 Malichi

Kuyenda pansi m'mawa. Lamba wayamba kundilemekeza.

Ndinalota nyemba zitamera m'chipinda cha makina, zikuyanga m'machubu mpaka kudenga, anamwino akudutsa mowerama pansi pa maluwa. Achemwali atakhala tsonga, akumwa madzi m'kapu yaikulu, osayeza, ena akutsikira pachibwano. Kumwa, kumwa, osapumira.

Nditapita masana ndinawapeza akuyamwa kachidutswa ka ayisi, kuti ludzu linamizike. Munthu amene ankandibereka kumsana, ine n'kumamukodzera. Anati ngongole imeneyo ndiyo ndikubwezayi, ndipo m'poyenera kuti ibwezedwe ndi chiwalo chomwe chinalakwacho.

Lachiwiri, 6 Meyi

Andiyezanso. Magazi, mkodzo, sikelo. Zotsatira Lachisanu. Amayi akusala kudya, ine ndikudya nyemba. Aliyense ndi pemphero lake.

Lachisanu, 9 Meyi

Adokotala amwetulira. Zonse zili bwino. Tsiku la opaleshoni tikambirana sabata yamawa.

Ndinathokoza bwinobwino, n'kutuluka. Ndili pa benchi ya mukhonde, ndikulembera pa bondo. Ndafufuza nthabwala m'matumba monse, mulibe. Kutsogoloku kuli mpeni weniweni. Kani pansi pa mtima ndinkadalira mimba ija, kuti adokotala ndiwo adzakane m'malo mwanga, ine n'kutsala mlongo wabwino amene anayesetsa.

Sindinauze munthu. Chitseko cha chipinda cha makina chili apo, chotseguka pang'ono. Ndikuona mapazi otupa a achemwali, m'masokosi osiyana mitundu. Namwino wasuntha. Achemwali andiona. Akweza nsidze, kufunsa za zotsatira.

Mutu wanga wavomera wokha ndisanaufunse.

Akundikodola.