Khofi wa Rand Anazizira

Irbid, 9 Meyi

Okondedwa Achimwene Nayef,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira muli bwino ku Kuwaitko, inu ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula Rand, mwana wa mng'ono wanu Munther, amene sakudya kuyambira Lachisanu.

Imvani zimene foni yanu inachita. Amuna makumi atatu a kwawo kwa Laith anabwera kudzamufunsira mbeta kwa Rand. Wamkulu wawo atapatsidwa khofi anaika kapu pansi osamwa, kudikira kuti bambo wa mwana anene kuti amwe, chizindikiro choti wavomera ukwati. Basi, mawu amenewo okha. Munther amamukonda Laith. Ngakhale suti anali atagula kale.

Koma m'mawa wa tsikulo inu munamuimbira, kumuuza kuti avomere msanga, asatichititse manyazi ngati masiku onse. Ine ndinkamvetsera kuseri kwa chitseko. Alendo atafika, Munther anayang'ana kapu ija nthawi yaitali, kenako anauza alendo kuti iye si bulu woti aziyendetsedwa pa foni kuchokera ku Kuwait. Amalume Fawwaz atamunong'oneza kuti asiye misala, anawafunsa ngati mwanayo anabereka ndi iwo. Alendo anadzuka. Khofi anazizira.

Mudzati ndi mwano. Lamba wa malemu bambo unkanenanso zomwezo. Unathandiza chiyani? Dokotala wa maganizo amene Munther akuonana naye anatifotokozera kuti ndi vuto lodziwika: akamva lamulo, mkwiyo umafika nzeru zisanafike, n'kukana ngakhale chimene akufuna yekha. Anati tizimufunsa, tisamamulamule. Tachita zimenezo miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sanakanganepo ndi bwana wake. Pepala la dokotalayo ndinakutumizirani. Simunaliwerenge.

Sindikumuikira kumbuyo. Nanenso ndinalakwa: ndinamukalipira mpaka mawu kusasa, iye n'kungoumitsa khosi. Dzulo ndinangomufunsa kuti akufuna titani. Anati apita yekha ku Ramtha, kwawo kwa Laith, kukapepesa. Wabwerako masana ano. A kwa Laith avomera kubweranso Lachisanu, koma ati n'komaliza.

Kapu ija ikadali patebulo. Waletsa aliyense kuitsuka.

Pempho langa ndi limodzi, Achimwene. Lachisanu foni yanu ikhale m'thumba. Musamulangize, musamulimbikitse, musamuuze ngakhale zimene wakonza kale kuchita. Mukaimba, ndidzamuuza Rand amene wamuthetsera ukwati.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu Maysoon ndi ana.

Ine mlongo wanu,
Suhad