Moto umene a malume anakukanizani

Amayi, kumene muliko kukuyenda bwanji? Ndine Tiyamike wanu, ndikulemba ndili ku Doha konkuno, m'kachipinda kathu ka ku Al Nasr. Lero ndi Lachisanu, sindinapite ku hotela, ndipo kunja kwatentha moti munthu sungaime pakhomo.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Mwana wanu Chisomo anabereka mwana wamkazi ndipo anamutcha Esinati, dzina lanu. Akuti mphuno ndi yanu yeniyeni, liwu nalonso ndi lanu, akalira mudzi wonse umamva. Mtedza wachita bwino m'munda mwanu, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba. Denga la khitchini likudontha, ndipo mlamu wanga akungolonjeza kuti akonza.

Zanga ndi izi: anditenga ku yunivesite ina ya kunja kukachita digiri yachiwiri, masitazi ya uinjiniya wa nyukiliya. Musadzidzimuke, si zamabomba ayi. Ndi maphunziro a mphamvu imene imayatsa magetsi m'mayiko ena, yomweyonso imene madokotala amawotchera khansa. Mbali yanga idzakhala kuyeza cheza chake, kuti chifike pa chotupa osavulaza munthu. Sizinabwere pa mbale. Digiri yanga ya fizikisi ija yakhala m'sutikesi ine ndikuyala mabedi a alendo. Lachisanu lililonse anzanga akamapita kokayenda, ine ndinkatsala ndi masamu, ndikudziphunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta owerengera mmene cheza chimadutsira mu konkire ndi mu mtovu. Mayeso a Chingerezi ndinalephera koyamba, ndinalira ngati mwana. Mafunso a aphunzitsi ndinayankhira pa foni m'chipinda chosungira matawulo, nditavala jekete yobwereka.

Mukudziwa chimene chinandilowetsa m'njira imeneyi, ndipo mtima wanga sunazizire. Dokotala atanena kuti mupite kunja kukawotchedwa chotupa chija, malo anali atapezeka. Chinatsala ndi chakuti mwini mbumba avomere, mlongo wanu, a malume Gelesomu. Ndikuwaonabe atakhala pampando pansi pa mango, ife akazi tili pamphasa. Anati, "Mlongo wanga sawotchedwa ngati mbewa. Makina amenewo opitako sabwerako." Nditayesa kufotokoza anandidula. "Iwe ukhale chete. Sukulu yako ithere pachipata, pano pakuyankhula mbumba." Anakutengerani kwa sing'anga wa kutsidya, anakutemerani mphini pamimba, ndipo malo anu anapatsidwa kwa wina. Inu munangoti, "Mwana wanga, mawu a akulu akoma akagonera." Anagonera ndithu, amayi, koma amene anagona m'manda ndinu.

Tsono imvani zimene Mulungu wachita. Sabata yatha ndili pa shifiti foni inalira, nambala ya kumudzi. Anali a malume, liwu litachepa. Awapeza ndi chotupa pakhosi, ndipo dokotala wati akawotchedwe. Makinawo tsopano alipo kwathu komweko, safunika pasipoti. Anati, "Mphwanga, iwe unaphunzira zimenezi. Tandiuza zoona, kodi moto umenewu supha? Chimene unganene ndichita."

Ndinayankha kuti, "Malume, ndili bize, supavaiza akundiyang'ana. Ndikuimbirani." Supavaiza panalibe. Ndinakhala pa bedi la alendo, ndipo ndisakunamizeni, ndinaseka. Paja munkakonda kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindinaimbe msanga. Ndinawasiya agone nawo mantha, alawe zimene munalawa. Ndinali nditakonza kale yankho lokoma: malume, opitako sabwerako, pitani kwa sing'anga wa kutsidya uja, mphini zake ndi zabwino. Akanandikhulupirira, ndipo palibe bwalo limene likanandizenga mlandu.

Chimene chinandibweza si chifundo, musandiyamikire. Ndinaganiza za inu. Akabwera kumeneko msanga, inu ndi mtima wanu wofewawo muwayalira mphasa, muwafunsa za ulendo, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimenezo ndakana. Imfa ndi yopepuka kwa munthu amene uja.

Dzulo ndinaimba. Ndinawauza kuti cheza chimayezedwa, kuti khungu lidzada ndipo kumeza kudzawawa, koma apirire mpaka tsiku lomaliza osadumphitsa. Ndauza Chisomo aziwaperekeza. Kenako ndinati, "Koma pali chimodzi, malume. Tsiku loika chiliza pamanda a amayi, mudzaima pamaso pa mbumba yonse, akazi atakhala pamipando. Mudzamasula kolala ya malaya anu, kuonetsa chipsera, ndi kunena kuti moto umene munakaniza mlongo wanu ndi umene wakusungani." A malume anati, "Ndamva, mayi." Ine, wa pamphasa uja, kunditcha mayi!

Choncho amayi, musawadikire. Ndikufuna akalambe, adye mtedza wa m'munda mwanu, anyamule Esinati wamng'ono, ndipo m'mawa uliwonse akamasamba azikhudza pakhosi n'kukumbukira kuti inunso mukanakhalapo. Ndikulonjeza kuti sukuluyi ndidzaimaliza, ndidzabwerera kwathu kukaima pafupi ndi makina amenewo, ndipo mayi wina akadzafika ndi mlongo wake wokanika, adzandipeza ine pakhomo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Mwana wanu,
Tiyamike