Sindinadye ndi Yotamu

Toronto, Canada
16 Malichi 1977

Okondedwa achemwali a Bertha,

Yotamu. Ndayamba ndi dzina la mlamu wanuyo kuti lichoke msanga pakamwa. Pepani kuti ndatsogoza iye ndisanafunse za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Mondokwa mwayamba kuwotcha? Ine ndilipo, kutopa kokha. Kuzizira sikunathe, sinowo yasanduka matope akuda m'mbali mwa misewu, ndipo kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito atiwonjezera odwala, koma manja ndi omwe aja.

Za mwana amene Yotamu anabereka kwa mkazi wina ku Hamilton ndinakulemberani kale. Ndinakuuzaninso kuti ndinachoka m'nyumba, ndikuchita lendi kachipinda kwa mayi wina wa Chipwitikizi. Zimene simukuzidziwa ndi za Lamulungu lapitali, ndipo ndikufuna muzimve kwa ine kalata ya a Douglas isanafike kwa malume.

A Douglas ndi mkulu wa mpingo kuno. Amalawi tilipo ochepa, ndipo iwo ndi amene anafika kale, choncho aliyense amawapatsa ulemu. Iwo ndi akazi awo, mayi Naomi, anadzipatsa okha unkhoswe. Ati popeza ankhoswe enieni ali kutali, sangaonerere banja likugwa. Nditafunsa kuti wawatuma ndani, anati chikondi. Ndinakana mpaka ndinatopa. Kenako ndinavomera kuti tikhale pansi, koma osati kunyumba kwawo, kumene Yotamu amadya Loweruka lililonse ngati mwana wapakhomo. Kwanga nako mwini nyumba salola alendo. Ndiye a Douglas anati pafupi ndi kwanga pali malesitilanti awiri ophika za ku Mexico, oyandikana khoma ndi khoma, ndipo chakudya chake ndi chimanga ndi nyemba, palibe amene angadandaule m'mimba. Anati ineyo ndisankhe yabwino.

Mumandidziwa, sindisankha chinthu ndisanachione. Ndinakadya konse kuwiri, masana, m'kati mwa sabata.

Yoyamba ndi kwa mayi Lupita. Ndi kachipinda chabe, matebulo othithikana, mawindo a nthunzi. Mayiyo ndi wamfupi, wojintcha, akamayenda ungati ndi azakhali a ku Linthipe. Amatenga ufa wokanda, nkuuphwatika m'manja mpaka upyapyale, nkuwotcha pachiwaya popanda mafuta. Iwo amati totiya. Umang'amba kachidutswa, nkutapira ndiwo, ndi manja, ndipo palibe amene amakuyang'ana. Nyemba zake zimapsa mpaka kuchita phala, ngati mmene amaphikira amayi. Tsabola wake, achemwali, kambuzi wathu uja ndi mwana. Mapeyala amawasinja nkuthira mchere ndi anyezi. Poyamba ndinati amenewa akuwononga chakudya, koma ndinamaliza onse. Mayiyo Chizungu sadziwa kwenikweni. Anangoyang'ana manja angawa mmene ang'ambikira ndi sopo wa kuntchito, anapukusa mutu, nkundiwonjezera nyemba osandifunsa. Chichokereni kwa Yotamu, limeneli linali tsiku loyamba kudya mpaka kukhuta.

Koma ndikudya choncho ndinaona banja lina patebulo lapafupi. Chakudya chawo chinabwera m'mbale imodzi yaikulu, pakati, aliyense nkumapisa dzanja. Ndinafunsa mayi Lupita, ndi manja ndi Chizungu choduladula, ngati tikabwera anayi angatipakulire aliyense mbale yake. Anakana. Ati kudya payekhapayekha ndi kwa anthu a m'chipatala.

Apa ndiye panali vuto. Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu. Ankhoswe akakamba nkhani ya banja, pamapeto pamabwera chakudya, ndipo mwamuna ndi mkazi akapisa m'mbale imodzi anthu akuona, basi, nkhani yatha. Palibenso amene amafunsa ngati mtima wako wavomera. Ine ndinadziwa kuti mbale ya mayi Lupita ikandikhalira patsogolo, fungo lija likundilowa m'mphuno, sindingapinde manja. Ndidya basi.

Yachiwiri ndimaitcha kwa Zipewa, chifukwa makoma onse apachikamo zipewa zazikulu ngati malichero. Mwini wake ndi mzungu wa konkuno, ndipo ndikukhulupirira kuti Mexico anangomuona pakalendala. M'kati muli mdima ngati m'nyumba ya kanema. Nyimbo za magitala zimalira mwakuti polankhula umachita kukuwa. Chakudya chilichonse amachikwirira ndi tchizi wosungunula, kaya ndi nyama kaya ndi nkhuku, ukapeza wekha pansi pake. Nyemba ndi za m'chitini, ndinazimva lilime litangozikhudza. Mbale imabwera yotentha yoti nkukuwotcha, koma chakudya pakati chili zii. Ndinadya pang'ono, zotsala ndinazikankha.

Koma tebulo lake ndi lalitali, ndipo aliyense amalandira mbale yakeyake, foloko yake ndi mpeni wake.

Ndiye mukandifunsa kuti yabwino ndi iti, yankho ndi kwa mayi Lupita, palibe nkupikisana komwe. Koma ine ndinasankha kwa Zipewa. Ndinafuna malo oti ndikhale, ndimve zonena zawo, ndinene zanga, nkunyamuka mbale yanga ili chikhalire. Ndiponso sindinafune kuti malo okhawo amene ndapeza chakudya chondikhazika mtima pansi adzikandikumbutsa nkhope ya Yotamu.

Lamulungu ndinagwira ntchito ya m'mawa, ndipo ndinapita kumeneko ndisanalawe kanthu. Ndinapeza onse atafika, Yotamu atavala jekete lija ndinamusokera mabatani ndi manja anga. A Douglas anapemphera pemphero lalitali, akukuwa kuti apose magitala. Atatha anayamba kuti aliyense amalakwa, ati mwana wa ku Hamiltonyo ndi mphatso ya Mulungu ngakhale inadzera khomo lakuseri. Mayi Naomi anandigwira dzanja, ati Agnes mwanawe, mkazi wophunzira ndiye amayenera kukhululuka msanga. Ndinawayankha kuti phunziro limenelo ku sekondale sindinalione, mwina tsiku lake ndinajomba. Sanaseke.

Yotamu sanapepese. Ati ankasowa wocheza naye ine ndisanabwere, ati dziko lino ndi lozizira ndipo munthu payekha amasokonezeka. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji mwanayo sanayambe nkuyenda komwe, pamene ine kuno ndathako zaka. Anayang'ana zipewa.

Tsopano imvani pamene ndinagwera. Tsiku lija ndinakayesa malowa ndinali ndekha, ndipo anangondibweretsera mbale yanga. Sindinadziwe kuti anthu akabwera gulu, chakudya chisanafike amaika pakati pa tebulo kadengu ka tizidutswa ta totiya tokazinga, toti muzitafuna podikira. Kadenguko kanabwera a Douglas ali m'kati molalikira za Hoseya ndi mkazi wake. Ine maso ali pa iwo, mutu ukuwawa ndi nyimbo, m'mimba muli mbee. Dzanja linapita lokha. Ndinatola kachidutswa kamodzi, kakang'ono ngati chikhadabo, nkuponya m'kamwa. Dzanja la Yotamu nalo linali momwemo.

Achemwali, mayi Naomi anaimba nthungululu. M'lesitilanti, ku Toronto! Azungu a matebulo ena anatembenuka nkuyamba kuwomba m'manja, poganiza kuti wina akukondwerera tsiku lobadwa. A Douglas anaimirira, ati taonani, adyera pamodzi, Mulungu ndi wamkulu, nkhani yatha, ndipo alembera ankhoswe a mbali zonse ziwiri sabata yomwe ino.

Ndinalavulira kachidutswako papepala lopukutira m'manja, nkuwaonetsa. Ndinati taonani, sindinameze. A Douglas anati chakudya chikakhudza lilime ndiye kuti chadyedwa, ndipo pali mboni ziwiri. Ndinawafunsa ngati kwawo ku Thyolo banja amalimanga ndi nyenyeswa. Mayi Naomi anati ndisachite mwano pa tsiku lachisangalalo. Yotamu anangomwetulira, kumwetulira kuja mumakudziwa, kwa munthu amene wapambana bawo mnzake atayang'ana kumbali. Mbale zathu zikufika, ine ndinali ndikuvala chikhoti. Ndinatuluka. Ndinayenda mpaka kwanga osacheuka.

Kuchokera tsikulo Amalawi awiri andiimbira kale foni kwa mwini nyumba, kundiyamikira kuti ndachita zachikhristu. Wina anafunsa kuti katundu wanga akandinyamulire liti. Ndilibenso mphamvu zofotokozera aliyense payekha.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite nokha kwa malume a William, musatume munthu, ndipo mukawawerengere kalatayi yonse, ngakhale pamene ndalankhula mokhadzula. Mukawauze kuti kalata ya a Douglas ikafika asavomere kanthu, asayankhe, ndipo akuchimuna akabwera ndi nkhuku asailandire. Nkhoswe wanga ndi malumewo. A Douglas sanalipo tsiku la chinkhoswe changa, ndipo sadziwa ngakhale dzina la mudzi wathu. Malume akangovomera kuti nkhani inatha, ine nkukana kubwerera m'nyumba, mlandu utembenuka. Wolakwa akhala Agnes, amene anayanjanitsidwa koma akuuma mutu, ndipo amayi adzayenda chowerama ku Chigwirizano pa chinthu chimene mwana wawo sanalakwe.

Sindikunena kuti banja latha. Sindikunenanso kuti ndibwerera. Ine ndemwe sindikudziwa, ndipo ndikaweruka kuntchito mutu sukhala woti nkuganiza zazikulu. Chimene ndikudziwa nchakuti munthu amene anandilakwira sananenebe kuti pepa, ndipo tsiku lodzadya naye mbale imodzi, ngati lidzakhalepo, ndidzasamba m'manja ndikudziwa chimene ndikuchita, malume atamva mbali zonse ziwiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka mwendo ndatumiza kudzera kwa a Grace, amene akubwera kumudzi mwezi wamawa. Moni kwa alamu anga a Bester, kwa azakhali a ku Linthipe, ndi kwa ana onse. Malume muwauze kuti ndagwada.

Nkhaniyi ndailemba yonse, ndipo ithere pompa. Musandifunsenso m'makalata anu, chifukwa sindidzayankha. Ndikadzatsegulanso pakamwa pa za Yotamu padzakhala pamaso pa malume. Pakamwa pangapa pandilakwira kale kamodzi sabata ino, pakwana.

Ndine mng'ono wanu,
Agnes