Ndinanama pa Mphindi Khumi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa alamu uja wapola? Kuno thupi lili bwino mwa chisomo cha Ambuye, koma mtima wanga suli m'malo.

Ntchito munandipezera ija mukuidziwa, ya mu labu, pa kafukufuku wa ana otsegula m'mimba. Timayeza chimbudzi chawo ndi tizipangizo tachangu tofufuza kachirombo ka rota. Ukadontheza madontho atatu umadikira mphindi khumi. Mzere umodzi ndiye kuti palibe, iwiri ndiye kuti kalipo. Chimbudzi chomwecho chimapitanso ku makina aakulu, kuti adokotala aone ngati tizipangizoti tikunena zoona.

Tsiku loyamba lomwe adokotala anatichenjeza kuti mphindi khumi zikadutsa osawerenganso, chifukwa kapepala kake kakamauma kamatha kutulutsa kamzere kabodza.

Achemwali, ine miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikuwerenga patatha ola.

Zoyeza zimabwera kuchokera ku wodi nthawi yomwe timakumana ku mapemphero a masana. Ndinkadontheza, n'kundandalika patebulo, ulendo kokapemphera. Pobwera ndinkalemba zomwe ndaona, pafomu n'kuikapo kuti mphindi khumi. Mnzanga wa pamakina, timamutcha Wautali, ankandiseka kuti mayi abusa, kodi mukudikira kuti tizipangizoti tilape kaye? Ine ndinkaseka nawo.

Dzulo adokotala anatiitana tonse. Akuti ana makumi atatu ndi mmodzi tizipangizo tinati ali ndi kachirombo, pomwe makina akukana. Lipoti lipita Lolemba lonena kuti n'tosadalirika, tisagulidwe. Kenako anandiyamikira pamaso pa anthu kuti mafomu anga alibe pofufuta. Potuluka Wautali anandinong'oneza kuti pakamwa pake watseka, koma wotchi ya pakhoma la mu labu nayenso amaiona.

Ndinakumbukira zimene munandidandaulira, kuti kuchipatala kwanuko kulibe makina, ndiye mwana akabwera akutsegula mumangomupatsa mankhwala mongoganizira. Mwina tizipangizoti n'tabodzadi, sindikudziwa. Koma ngati n'tabwino, wakulandani ndine, ndiponso ndakulandani ndili ndi Baibulo m'manja.

Zotsala za chimbudzi chija zikadali mufiriji. Zikhoza kuyezedwanso, koma lipoti likangopita azitentha.

Choncho mawa m'mawa ndikalowa mu ofesi ya adokotala ndisanavale n'komwe gawuni ya ntchito. Ndikanena zonse, ndi masiku ake omwe. Ntchito ikhoza kuthera pomwepo, ndipo chondipweteka n'chakuti pa kalata yondichitira umboni pali dzina lanu. Munalemba kuti ndine wokhulupirika.

Foni sindinaimbe dala. Ndikudziwa mukanati ndidikire kaye, ndipo ine mawu anu sindimawakana. Pomwe muziwerenga izi, zikhala zitachitika.

Ndikupempha ziwiri. Adokotala akakuimbirani, musanditeteze, chonde. Ndipo amayi musawauze, magazi awo angakwere. Ndidzawauza ndekha nditagwada. Zikavuta, kodi pakona pa chipinda cha ana pangapezeke pogona milungu ingapo? Kuchapa ndi kusita ndizichita ine.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni. Mukwiye nane, ndi zoyenera, koma mukatha kukwiya mundipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi